Kodi anthu akalekale ankamutaya munthu akadwala kapena akakalamba?

Nagama analemba:

Moni nonse. Nthawi zambiri ndimangowerenga za anzanga pano, koma pali funso landikhala pamtima, ndipo ndaona kuti pagulu lino pali ena odziwa mbiri yakale.

Ndikudwazika mayi anga. Anachita sitiroko, mbali ya kumanja inafa, ndipo mano anawathera kale. Amene anadwazikapo munthu wotere akuidziwa ntchito yake: kuwatembenuza usiku kuti asatuluke zilonda za pogona, kuwasambitsa, kuwanyamula akafuna kudzithandiza, kuwaphwanyira chakudya mpaka chifewe n'kumawapatsa pang'onopang'ono, kudikira ameze kaye chifukwa mukafulumira amatsamwa. Sindikudandaula ayi, ndi mayi anga ondibereka. Koma ntchitoyi imadya munthu wathunthu. Ine ndikakhala pambali pawo ndiye kuti pali wina akundigwirira ntchito zina za pakhomo, ndipo palinso wina amene akusaka chakudya cha tonsefe.

Mwana wanga wamwamuna ali ku sekondale. Akuwerenga za anthu oyambirira, aja ankasema miyala kukhala mipeni, anandiuza kuti nthawi imeneyo agogo akewo sakanatha sabata. Akuti anthuwo analibe mudzi, analibe munda, ankangoyendayenda kutsata nyama ndi zipatso, ndiye wodwala kapena nkhalamba ankangomusiya patsinde pa mtengo afisi n'kumalizitsa. Sananene mwachipongwe, agogo ake amawakonda kwambiri, amangonena zimene akuganiza kuti ndi zoona. Koma ine zinandilasa, ndipo mpaka lero mtima wanga ukukana. Mwana wa munthu amabadwa wosatha ngakhale kudzutsa mutu, amatha zaka ali m'manja mwa anthu. Zoona anthu amene ankatha kunyamula khanda zaka zonsezo akanalephera kugawira chakudya mayi amene anawabereka?

Komabe kukana kwa mtima si umboni. Ndiye ndikufunsa inu odziwa: pa zimene akatswiri anafukula pansi, chilipo chosonyeza mmene anthu amenewo ankachitira ndi wovulala, wolumala, wokalamba? Ndikufuna zinthu zogwirika, zoti ndikamuuze mnyamatayu kuti kwakutikwakuti kunapezeka chakutichakuti. Ngati iye ndi amene akunena zoona, ndiuzeni osandinyengerera. Chonde tisalowe mkangano wa chipembedzo, ndikufunsa za mafupa amene anafukulidwa basi.

Mphunzitsi_wopuma analemba:

Mayi Nagama, pepani ndi matenda. Ndinaphunzitsa mbiri yakale mpaka kupuma, ndipo funso lanuli mafupa amaliyankhako ndithu. Fupa likathyoka munthu n'kufera pomwepo, m'mphepete mwake mumatsala mwakuthwa. Akakhala ndi moyo, limayamba kumera n'kulumikizana. Choncho wofukula amatha kuona kuti uyu anavulala, koma anakhalabe miyezi kapena zaka.

Ndiyambe ndi amene akufanana ndi mayi anu pa nkhani ya mano. Ku Dmanisi, m'dziko la Georgia, gulu la David Lordkipanidze linafukula chigaza ndi nsagwada za munthu amene anakhalako zaka pafupifupi 1.8 miliyoni zapitazo, ndipo linalengeza mu 2005. M'kamwa monse munatsala dzino limodzi lokha. Mabowo mmene munali mano enawo anali atatsekeka, fupa la nsagwada litaphwa, monga zimakhalira ndi nkhalamba za lero. Zimenezo sizichitika mwezi umodzi. Munthuyu anatha nthawi yaitali akudya wopanda mano. Tsono taganizirani nthawi yake. Pamalopo sipanapezeke chizindikiro cha moto, choncho za kuphika iwalani. Chakudya chinali nyama yaiwisi, mizu yolimba ndi zipatso za nyengo. Zida zinali miyala yongoswa kuti ithwe. Ubongo wa anthuwa unali pafupifupi theka la wathu. Pamalo omwewo pali mafupa a afisi, mimbulu ndi zilombo za mtundu wa mkango za mano ataliatali. Anadya chiyani? Ofukulawo amatchula mafuta a m'mafupa, ubongo wa nyama, zomera zosinja ndi mwala, kapenanso kuti wina ankamutafunira. Ine ndimaona kuti ngakhale zitakhala kuti ankadzisinjira yekha, ena ankamulola kukhala nawo pa nyama imene iye sanaphe.

Kum'mawa kwa nyanja ya Turkana ku Kenya, pamalo otchedwa Koobi Fora, Kamoya Kimeu anapeza m'zaka za m'ma 1970 mafupa a munthu wamkazi wa mtundu wina wa anthu oyambirira wotchedwa Homo erectus, wa zaka pafupifupi 1.6 miliyoni zapitazo. Mafupa a miyendo ndi mikono anakutidwa ndi fupa lina lachilendo lomera pamwamba. Matenda otere amapweteka koopsa, ndipo kuti fupa lomeralo lifike pokhuthala choncho pamatenga milungu kapena miyezi. Alan Walker, amene anawaunika, anati mwina mayiyu anadya chiwindi cha chilombo chodya nyama, chimene chimakhala ndi vitamini A wochuluka mpaka kusanduka poizoni. Ena amatchula matenda ena. Kaya chinali chiyani, milungu yonseyo anali wosatha kuyenda bwino m'dziko lotentha, ndipo munthu satha masiku ambiri wopanda madzi. Wina ankamumwetsa, kapena anamukhazika pafupi ndi madzi n'kumamupirikitsira zilombo.

Wodziwika kwambiri ndi wa kuphanga la Shanidar, m'mapiri a Zagros kumpoto kwa Iraq, amene Ralph Solecki anamufukula mu 1957. Anali mwamuna wa mtundu wa Neanderthal, anthu ojintcha aja amene ankakhala ku Ulaya ndi kumadzulo kwa Asia, ndipo anakhalako zaka zoposa 45,000 zapitazo. Ndikamawerenga za thupi la bamboyu mtima umandiwawa. China chake chinamumenya kumanzere kwa nkhope n'kuphwanya fupa lozungulira diso, moti n'kutheka kuti diso limenelo silinkaona. Mkono wa kumanja unali wofota, unathyokapo malo angapo, ndipo unathera pamwamba pa chigongono, kunsi kwake kunalibe. Phazi ndi bondo za kumanja zinali zowonongeka, ankayenda motsimphina. Mu 2017 Erik Trinkaus ndi mnzake anaunikanso makutu ake n'kupeza timafupa tomera m'njira za makutu, kusonyeza kuti ankamva movutikira. Zilonda zimenezi zinapola kalekale iye asanamwalire, ndipo anafika zaka za m'ma 40, umene unali ukalamba weniweni nthawi imeneyo.

Anthu a mtundu wake ankasaka nyama zikuluzikulu ndi mikondo yobaya uli pafupi. Wa mkono umodzi, wa diso limodzi, wotsimphina, wosamva chilombo chikamabwera kumbuyo, sangasake choncho. Komatu ankadya. Mano ake akutsogolo anaperepeseka kwambiri, ndipo ambiri amati ankalumira zinthu monga chikopa, kuti dzanja lotsalalo lizipala. Ndimaikonda mfundo imeneyi chifukwa ikundiuza kuti bamboyu anali ndi ntchito yake pagulupo.

Ana nawo alipo. Ku Sima de los Huesos ku Spain, dzenje la m'phanga mmene munapezeka mafupa a anthu pafupifupi 28 a zaka 430,000 zapitazo, muli chigaza cha mwana amene mafupa a mutu wake analumikizana nthawi isanakwane, mutu n'kukula mopendekeka. Kulumalako kunkaoneka ndi maso chibadwire, koma anafika zaka zosachepera 5. Ku Cova Negra, ku Spain komweko, mu 2024 analengeza za fupa la khutu la mwana wa Neanderthal lokhala ndi zizindikiro za Down syndrome, vuto lobadwa nalo lochedwetsa kukula kwa thupi ndi nzeru. Anafika zaka 6. Mwana wotere amakhala wofooka poyamwa, amachedwa kuyenda, ndipo uyu analinso wosamva bwino ndi wachizungulire. Mayi mmodzi payekha, amenenso akufunika kukumba mizu, sakanamufikitsa pamenepo.

Mnyamata wanu mukamuuze mayina amenewa akafufuze yekha.

Yohane_K analemba:

Aphunzitsi, zikomo, ndaphunzirapo zambiri. Koma mayi anena kuti tisawanyengerere, ndiye mundilole nditsutseko.

Kupola kwa fupa kumasonyeza kuti munthu sanafe. Zoti wina anamusamalira timachita kuwonjezera ife. Kunkhalango ya Budongo ku Uganda kuli achimpanzi ambiri oduka zala, ena dzanja lonse kapena phazi, chifukwa cha misampha ya waya imene anthu amatchera nyama zina. Amapola okha, amakwera mitengo, ena amabereka n'kulera ana, popanda wowabweretsera chakudya tsiku ndi tsiku. Anyani okalamba otha mano amapezekanso m'tchire akudzisankhira zofewa. Ndiye wa ku Dmanisi uja mwina ankangotola mwala n'kumaswa mafupa amene ena asiya. Ku Gombe ku Tanzania, mu 1966 kunagwa poliyo pakati pa achimpanzi, ndipo Jane Goodall, wofufuza za achimpanzi, anaona wamphongo wina wamkulu atafa miyendo yonse iwiri. Anzake ambiri ankamuthawa, ena kumuopseza, mmodzi yekha ndi amene ankagona pafupi naye. Makolo athu a zaka 1.8 miliyoni zapitazo anali kuti pakati pa chimpanzi ameneyo ndi mayi Nagama? Chigaza chimodzi sichingatiuze.

Chimene chimandivuta kwambiri ndi miyendo. Trinkaus yemweyo, pamodzi ndi Thomas Berger, mu 1995 anawerenga zovulala pa mafupa a ma Neanderthal. Za kumutu, m'khosi ndi m'mikono n'zambirimbiri, zopola bwinobwino. Koma zovulala za miyendo zoti munthu sangayende nazo n'komwe, zopola, n'zosowa kwambiri. Kodi anthu obaya nyama zikuluzikulu ali pafupi sankathyoka ntchafu? Ankathyoka. Maganizo a akatswiriwo anali oti oterowo ankatsala m'njira, ndipo mafupa awo sanafike m'mapanga mmene anthu amafukula lero. Wa ku Shanidar ankatsimphina, koma ankayenda. Agogo amene tikukambawa sayenda. Pamenepo mnyamata uja sanalakwe kwenikweni.

Komanso tisamangosankha mafupa otikomera. M'dzenje lomwelo la Sima de los Huesos muli chigaza china chobooledwa kawiri pamwamba pa diso la kumanzere ndi chida chimodzi, ndipo sichinapole. Chapafupi pomwepo, ku Gran Dolina, mafupa a anthu a zaka zoposa 800,000 zapitazo ali ndi timizere ta mpeni wa mwala, anaswedwa kuti achotsemo mafuta, n'kutayidwa pamodzi ndi mafupa a nyama zodyedwa. Ambiri mwa iwo anali ana. Ku Jebel Sahaba ku Sudan kuli manda a anthu 61 a zaka pafupifupi 13,400 zapitazo, ndipo ochuluka ali ndi zilonda za mivi ndi mikondo, akazi ndi ana omwe.

Pa Facebook pamayenda nkhani yoti Margaret Mead, katswiri wofufuza za chikhalidwe cha anthu, anati chizindikiro choyamba cha chitukuko ndi fupa la ntchafu lopola. Anthu afufuza m'zolemba zake osaipeza. Nkhani zotere timazilandira msanga chifukwa zimatitonthoza, n'chifukwa chake ine ndimachenjera nazo.

Esnart_M analemba:

Achimwene a Yohane, pa miyendo mwalasa, koma pali mbali imene mwaisiya. Ine ndine namwino, ndimagwira kuwodi ya mafupa. Fupa la ntchafu likathyoka, magazi opitirira lita imodzi atha kutayikira mkati mwa ntchafu momwemo osaoneka kunja. Minofu imakoka zidutswazo n'kuzipyoletsana, mwendo n'kufupika. Munthu wamkulu amatha miyezi itatu kapena kuposa asanaponde. Popanda chitsulo, popanda kukoka mwendo ndi zolemera, popanda kuwonjezera magazi, ambiri akanafa ngakhale gulu lonse litakhala pansi kuwadikira. Ndiye kusowa kwa ntchafu zopola kungatanthauze kuti ankasiyidwa, kungatanthauzenso kuti ankamwalira ali m'manja mwa abale awo fupa lisanayambe kumera. Mafupa sangasiyanitse ziwirizi. Chimodzimodzi matenda ambiri opha anthu, monga kutsegula m'mimba, chibayo ndi malungo, amamutenga munthu osasiya chizindikiro chooneka pa fupa. Amene anadwazikidwa sabata ziwiri n'kumwalira, kapena n'kuchira, sitingawaone.

Amene amandigwira mtima ine ndi wa pa chilumba cha Borneo, ku Indonesia. M'phanga la Liang Tebo anafukula wachinyamata wa zaka pafupifupi 20, amene anaikidwa m'manda zaka 31,000 zapitazo, ndipo analengeza mu 2022. Phazi la kumanzere ndi chigawo cha kunsi kwa msongolo palibe. Mafupa awiri a msongolo anaduka mowongoka, osati mophwanyika monga zimakhalira ng'ona ikaluma kapena mwala ukagwera, ndipo kumapeto kwake kunapola popanda chizindikiro cha mafinya olowa m'fupa. Anaduka ali mwana, n'kukhala zaka 6 mpaka 9 pambuyo pake. Mafupa a mwendo umenewo anasiya kukula, anatsala aang'ono. Madokotala ena amatsutsa zoti inali opaleshoni yochita kukonza, amati mwina inali ngozi. Kwa ine mkanganowo ndi waung'ono, chifukwa ntchito yaikulu imabwera mwendo ukaduka kale. Pamenepo pamadutsa mitsempha ikuluikulu, ndipo wina analetsa magazi. Chilonda chotere chimafuna kutsukidwa tsiku ndi tsiku kwa milungu, ndipo uku kunali kunkhalango yotentha ndi yachinyezi kumene chilonda chimaola msanga. Deralo ndi la mapiri a miyala. Mwana wa phazi limodzi anakulira kumeneko. Chimpanzi wa msampha amayendera ziwalo zitatu zotsalazo, pomwe munthu akataya phazi amatsala ndi mwendo umodzi basi.

Wofanana kwambiri ndi agogo athuwa ndi wa ku Man Bac, kumpoto kwa Vietnam, wa zaka pafupifupi 4,000 zapitazo, amene Lorna Tilley ndi Marc Oxenham analemba za iye. Anabadwa ndi mafupa a khosi olumikizana, ndipo ali mnyamata anafa ziwalo kuyambira m'chiuno kutsika, manja nawo akugwira pang'ono chabe. Mafupa a miyendo yake ndi owonda kwambiri chifukwa chosayenda. Anakhala choncho zaka pafupifupi 10. Mayi Nagama, inu mukudziwa kuposa tonsefe tanthauzo lake. Munthu wogona malo amodzi osatembenuzidwa amatuluka zilonda m'chiuno ndi m'matako pa masiku ochepa, ndipo zikalowa mkodzo ndi dothi amapita. Zaka 10 ndiye kuti ankamutembenuza, kumupukuta, kumumwetsa, usiku ndi usana. Komabe a Yohane anganene kuti anthu a ku Man Bac anali okhazikika pamudzi, ndipo n'zoona.

Za mankhwala ndingotchulapo chimodzi. Ku El Sidrón ku Spain, Neanderthal wina wa zaka pafupifupi 49,000 zapitazo anali ndi chithupsa m'nsagwada. Ataunika litsiro louma la m'mano mwake anapezamo zotsalira za mtengo wa poplar, umene uli ndi mankhwala opha ululu a mtundu wa asipirini. Mtengowo si chakudya. Ofufuza amaganiza kuti ankautafuna chifukwa cha dzinolo.

Nagama analemba:

Zikomo nonse, ndawerenga mobwereza. A Yohane, musadandaule, zimenezo ndi zomwe ndinapempha. Za ana a ku Gran Dolina zandisowetsa mtendere, koma ndazilandira. A Esnart, mnyamata wa ku Vietnam uja ndamulirira, ndipo ndawalirira kwambiri amene ankamutembenuzawo, chifukwa msana wawo ndikuudziwa mmene unkapwetekera.

Tsopano ndikuona kuti nkhani yagona pa kuyenda. Woyenda ankatengedwa, wosayenda ndi amene pali mkangano. Ndiye ndifunsenso: n'zoona kuti anthuwa ankasamuka tsiku lililonse? Analibe malo obwererako madzulo? Ndikufunsa chifukwa wodwala safuna zodabwitsa. Amafuna pogona pofewa ndi pouma, chakudya choti ameze, madzi, ndi munthu wotsala naye ena akachoka. Zimenezi anthu anayamba liti kukhala nazo? Komanso nkhalamba zenizeni, za imvi mutu wonse, zinalipo? Chifukwa aphunzitsi mwati wa zaka za m'ma 40 anali kale wokalamba.

Mphunzitsi_wopuma analemba:

Mayi, apa ndi pamene mnyamata wanu waphonya. Kusakhala ndi munda sikutanthauza kusakhala ndi pokhala.

M'mapiri a Lebombo, m'malire a South Africa ndi Eswatini, muli phanga lotchedwa Border Cave. Lyn Wadley ndi anzake analengeza mu 2020 kuti chakumapeto kwa phangalo anapeza pogona pa udzu woyala, pa zaka 200,000 zapitazo. Udzuwo ankauyala pamwamba pa phulusa, ndipo phulusa limaletsa nkhupakupa ndi tizilombo tina tokwawa. Udzu ukakalamba ankautentha n'kuyala wina pamwamba pake. M'kati mwa udzuwo muli tizidutswa ta miyala yosema, kusonyeza kuti ankakhalanso pomwepo masana n'kumagwira ntchito. Kuphanga la Sibudu ku KwaZulu-Natal, zaka 77,000 zapitazo, pamwamba pa pogona ankayalapo masamba a mtengo wina okhala ndi mankhwala opha tizilombo touluka ngati udzudzu. Pa mathithi a Kalambo, m'malire a Zambia ndi Tanzania, anapeza mitengo iwiri yosemedwa kuti ilumane mopingasa, ya zaka 476,000 zapitazo. Munthu wochoka mawa m'mawa sasema mitengo choncho.

Chakudya chofewa chinabwera ndi moto. Kuphanga la Wonderwerk ku South Africa kuli phulusa ndi mafupa opsa a zaka pafupifupi 1 miliyoni zapitazo, ndipo ku Gesher Benot Ya'aqov ku Israel kuli umboni wa nsomba zophika wa zaka 780,000 zapitazo, ngakhale kuti moto unafala ponseponse kuyambira zaka pafupifupi 400,000 zapitazo. Ku Border Cave komwe kuja anapezanso mizu yowotcha ya chomera chotchedwa Hypoxis, ya zaka 170,000 zapitazo. Mizuyo ankaikumba kunja n'kukwera nayo kuphanga. Munthu wongofuna kukhuta yekha akanaidyera pomwe waikumbapo. Wadley amati kuinyamula mpaka kuphanga kukusonyeza kuti kunali otsalira, ana ndi okalamba, oyembekeza kugawiridwa. Ine ndimagwirizana naye.

Za imvi, kunena zoona nkhalamba zinali zochepa. Rachel Caspari ndi Sang-Hee Lee mu 2004 anaunika mano a anthu akale 768, n'kutenga amene anapitirira zaka pafupifupi 30 kukhala achikulire, popeza pa msinkhu umenewo munthu atha kukhala ndi mdzukulu. Pakati pa ma Neanderthal, pa achinyamata 10 alionse panali achikulire 4. Pakati pa anthu a mtundu wathu a ku Ulaya a zaka pafupifupi 30,000 zapitazo, pa achinyamata 10 panali achikulire 20. Kusintha kumeneko n'kwakukulu. Ndipo agogo atachuluka sanali katundu. Kristen Hawkes anakhala ndi Ahadza, amene amakhala kufupi ndi nyanja ya Eyasi ku Tanzania ndipo ena mwa iwo amadalirabe kusaka ndi kukumba mizu. Anapeza kuti mlenje mmodzi amapha nyama yaikulu pafupifupi kamodzi pa mwezi, pomwe mizu imabwera tsiku ndi tsiku, ndipo amene amatha nthawi yaitali akukumba ndi amayi achikulire osiya kubereka. Mayi akakhala ndi khanda, ana ake osiya kuyamwa amakula ndi mizu ya agogo. Ahadza ndi anthu a lero ngati ife, si zotsalira za kale, koma moyo wawo umatithandiza kuona mmene gulu lopanda munda limadyera. Iwo amasamutsa msasa kangapo pa chaka, ndipo masana pamsasa pamatsala anthu.

Yohane_K analemba:

Aphunzitsi, za Border Cave sindimazidziwa, ndipo zandisintha maganizo pa nkhani ya pogona. A Esnart, mfundo yanu yoti wosiyidwa ndi wofera m'manja amaoneka chimodzimodzi pa fupa ndaivomera.

Ndingowonjezera gulu limodzi, kuti Ahadza asaimire onse. Aache a ku Paraguay, asanatuluke m'nkhalango m'zaka za m'ma 1970, ankasamuka pafupifupi tsiku lililonse. Kim Hill ndi Magdalena Hurtado anacheza ndi akuluakulu awo n'kulemba mmene achibale awo anafera. Anthuwa ankagawana nyama mosakondera, moti mlenje kawirikawiri sankadya imene wapha yekha, ankadya ya anzake. Koma iwo omwewo anafotokoza okha kuti nkhalamba kapena wodwala wolephera kutsatira gulu nthawi zina ankamusiya m'mbuyo. Ndiye mayi Nagama, mukamakamba ndi mnyamata wanu, mumufunse kaye kuti akunena anthu a kuti, a nthawi iti, ndipo ankagona masiku angati pamalo amodzi asanasamuke.